Mikanda ya Narkie

Mkanda unasweka wokha Lachisanu m'mawa, uli pa tebulo, popanda woukhudza. Unangoti thi, ndipo chidutswa chimodzi cha buluu chinagubuduka mpaka pa mbale ya tiyi.

Azakhali a Maku anasiya kusefa ufa wa galasi. Sanayang'ane mkandawo. Anayang'ana Korleki, mwana wa mchimwene wawo, amene anabwerako ku yunivesite miyezi isanu yapitayo ndi digiri ya sayansi koma ntchito anali asanaipeze.

"Lachitatu ndinapita kumaliro ku Somanya," anatero azakhali. "Zikombole ndinazisiya m'kamwa mwa ng'anjo kuti zizizire nayo limodzi. Anazichotsa ndani?"

"Ine, azakhali."

"Unaziika pati?"

"Pakhonde, pa simenti. Panali kamphepo."

"Kamphepo," anabwereza azakhali mofatsa, ngati akutchula dzina la munthu amene anawabera mbuzi.

Mikandayo inali ya Narkie, mng'ono wake wa Korleki, amene anali m'chinamwali cha dipo. Lamulungu anamwali onse ankayenera kutuluka kukavina pamaso pa anthu a ku Odumase. Azakhali anamupangira mikanda khumi ndi iwiri ya m'chiuno, uliwonse waukulu ngati ndimu, kuchokera ku mabotolo a buluu amene anatolera kwa zaka ziwiri. Mkanda wotero ukasweka namwali akuvina umacheka khungu, ndipo anthu saiwala msanga.

Chimene chinkamuwawa Korleki chinali chakuti nkhaniyi ankaidziwa bwino. Chaka chake chomaliza analemba masamba makumi asanu ndi limodzi pa mutu womwewu. Galasi likaoneka kuti lauma, mkati mwake limakhala lisanakhazikike. Ukaliziziritsa msanga, kunja kumauma koyamba n'kupanikiza mkati, ndipo kukokana kumeneko kumatsala momwemo mpaka tsiku limene galasilo lidzatope. Koma Lachitatu amayi ake anamufunsa katatu kuti mikanda ipsa liti, ndipo palibe tsamba ngakhale limodzi limene linamutsatira pakhonde.

Amayi akewo, a Teiko, anatuluka m'nyumba akupukuta manja.

"Wasweka umodzi basi. Yotsalayo ndi yambiri, chiuno cha Narkie si cha njovu. Ndipatseni ndipite nayo kwa wotunga mikanda."

"Mlamu, umodzi ndi umene walankhula," anatero azakhali. "Inayo yangokhala chete."

"Ine ndikuiona ili bwinobwino."

Korleki analowa m'chipinda n'kubwera ndi foni ndi magalasi ake akuda, aja ochotsa kunyezimira kwa dzuwa. Anayeretsa nkhope ya foniyo kuti mbee, anaikapo mkanda umodzi, n'kuwaveka azakhali magalasiwo.

"Pendeketsani mutu pang'onopang'ono mpaka foni ide. Kenako muyang'ane mkanda."

Azakhali anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona kabawi. Foni inada, koma mkanda sunade. Mkati mwake munali mizere yowala, yopindikapindika, itaunjikana pafupi ndi bowo.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi pamene galasi likukokana."

Anaika wina, kenako wina. Yonse inali ndi mizere. A Teiko anapempha magalasiwo, anayang'ana, n'kuwabweza.

Kenako azakhali anamasula chingwe cha m'khosi mwawo. Panali mkanda umodzi wa buluu wodera, umene anaupanga Korleki asanabadwe. Anauika pa foni okha, n'kuuyang'anitsitsa.

"Umu mulibe kanthu. Makina ako afa?"

Korleki anayang'ana. Mkandawo unali wakuda bii kuyambira kunja mpaka pabowo, wopanda mzere uliwonse. Ku yunivesite anali ndi uvuni woyendetsedwa ndi kompyuta, wogulidwa kunja, ndipo galasi lake iye silinatulukemo lodekha chonchi. Uwu unachokera m'ng'anjo ya dothi la pachulu, yoyalidwa zitsulo za galimoto yakufa.

"Sanafe, azakhali. Mkanda wanuwu ulibe vuto."

"Ndimadziwa. Ndimangofuna ndimve adokotala akunena."

Korleki anayamba kufotokoza kuti mikanda yotsalayo itha kupulumuka ngati ataitenthetsanso osaisungunula, koma azakhali anali atanyamuka kale kukatenga nkhuni. Anabwezera mkanda uliwonse m'chikombole chake, n'kulowetsa zonse m'ng'anjo isanatenthe. Moto anauyamba waung'ono, wa nkhuni ziwiri. Patapita nthawi anawonjezera ina, patapitanso nthawi ina. Ankayandikitsa kuseri kwa dzanja pakamwa pa ng'anjo, kenako n'kudzifunda nsalu kumutu kuti aone mkati mopanda kuwala kwa dzuwa.

"Bwera uone. Dothi likangoyamba kufiira chonchi, koti umachita kukayika ngati lafiiradi, usawonjezere moto. Ukapitirira apa, mabowo atsekeka."

"M'buku amati madigiri mazana asanu ndi pang'ono."

"Buku lako lili ndi dzanja?"

Anasunga motowo pamlingo womwewo kwa ola lathunthu, osakhala pansi. Atatha anatseka kamwa la ng'anjo ndi lata, n'kumata m'mbali ndi dothi lonyowa.

"Titsegula mawa madzulo."

"Mawa madzulo?" anatero a Teiko. "Nanga titunga liti? Anzake onse mikanda yawo ili kale m'madengu."

"Titunga tokha. Manja tili nawo asanu ndi limodzi." Azakhali anakoka mpando n'kuuika patsogolo pa ng'anjo. "Korleki, khala apa. Ine ndikupita kumsika. Wina akafuna kutsegula, umukanize m'Chingelezi."

Loweruka m'mawa a Teiko anabwera ndi nthochi zootcha ndi mtedza, n'kuziika pa miyendo ya mwana wawo. Anakhudza lata ndi chala.

"Lazizira ili. Tingosuzumira pang'ono."

"Kunja kwazizira, amayi. Mkati ayi."

"Ndikuyankhula ndine mayi ako."

"Ndikudziwa. Lachitatu ndinakumverani."

A Teiko anamuyang'ana, anatenga nthochi imodzi pa zomwe anabweretsa zija, n'kubwerera m'nyumba.

Madzulo anaswa dothi lija. Azakhali anavala magalasi osapempha, n'kuika mikanda pa foni umodzi umodzi. Yonse khumi ndi umodzi inada. Pa chingwe, pamalo pa wosweka uja, anatungapo wawo wa m'khosi.

Lamulungu Narkie anavina mpaka fumbi linamufika m'mawondo, mikanda ikugundana m'chiuno, ndipo palibe umene unasweka. Azakhali anaonerera ali kutsogolo, khosi lili lopanda kanthu, atavala magalasi akuda a Korleki. Sanawabweze, ndipo Korleki sanawaitanitse. Lolemba m'mawa Korleki anapeza azakhali atamuikira munsi wosinjira galasi ndi thumba la mabotolo pakhomo pa chipinda chake.