Mtovu m'Mapulagi a Bambo Vondra

Renae anamva kunjenjemera kwa injini m'mano mwake kusanafike m'makutu. Anali pampando wa kumanja m'kandege kachikasu kamene bambo ake, a Lowell Vondra, anapanga ndi manja awo m'garaja ya kunyumba iye akadali kusekondale. Kandegeko kanaima kumapeto kwa msewu waudzu wonyamukirapo, chimanga cha ku Nebraska chitatchinga uku ndi uku ngati khoma. Anzawo a pabwalo la ndegelo anali atauluka kale kupita ku chakudya cha m'mawa cha oyendetsa ndege m'tauni ina, kumene mapanikeke sadikira ochedwa.

A Lowell ankayesa injini monga mwa masiku onse. Silinda iliyonse ya injiniyo ili ndi mapulagi awiri otulutsa moto, ndipo munthu asananyamuke amayesa mzere uliwonse wa mapulagiwo pawokha. Atapotoza kiyi mbali yoyamba, injini inalira bwinobwino. Atapotoza mbali inayo, inatsokomola, kenaka n'kuyamba kugwedeza ndege yonse ngati galu amene wangotuluka m'madzi.

"Adadi, mwamva zimenezo?"

"Ndamva. Ndi kuzizira chabe. Ikatentha m'mwambamo isiya."

Renae anawacheukira. Munthu ameneyu nthawi ina anabweza banja lonse kunyumba, zikwama zili kale m'ndege, chifukwa cha kanati kamodzi ka pa bawuti kamene sikanamukhalire bwino m'maso. Ndi iye amene anamuphunzitsa kuti petulo wa ndege ali ndi mtovu, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono pansi kwa nthawi yaitali, mafuta ali ochuluka, mtovuwo umaundana m'mapulagi mpaka moto kuzima. Mankhwala ake anali amodzi: kukweza injini, kukoka pang'ono kachitsulo kofiira kochepetsera mafuta, n'kuuwotcha.

"Chepetsani kaye mafuta muuwotche mtovuwo," anatero Renae.

Dzanja la a Lowell linanyamuka. Linaima pakati pa kachitsulo kakuda kokwezera injini ndi kofiira kaja, linakhudza wailesi, kenaka linabwerera pabondo. Maso awo ankayendayenda pa mawotchi amene anaboolera okha malo ake, ngati mlendo amene akufunafuna mchere m'khitchini ya eni ake. Mwadzidzidzi anamasula mabuleki, nakankha kachitsulo kakuda mpaka kumapeto. Ndege inayamba kuthamanga, ikutsokomola, mawaya a magetsi ali poteropo kutsidya kwa munda.

Renae sanaganize. Anakoka kachitsulo kofiira konse. Injini inazima, pulopela inazungulira mwaulesi n'kuima, ndipo kandegeko kanayenda pang'ono paudzu mpaka kukhala chete.

"Iwe! Wakuuza ndani kuti ugwire ndege yanga?" anakalipa a Lowell. "Ndayamba kuuluka iwe usanadziwe n'kupukuta mamina komwe!"

Renae anamasula lamba wa pampando, natsika.

A Merle Kubicek, mnzawo wakalekale wa a Lowell amene ankatchetcha udzu pabwalopo, anafika ndi kathirakitala kawo kudzawakokera kushedi.

"Mwabwerako kale? Koma ndiye kandege kako kakuthamanga masiku ano, nkhalamba iwe. Mwandisungirako soseji?"

"Tseka pakamwa, bweretsa chingwe," anayankha a Lowell.

M'shedi anavundukula injini. Renae anatenga sipanala n'kumasula pulagi yoyamba ya pansi, ikadali yotentha. Ataitembenuzira kuwala, anaisuzumira. Mkati monse munali timibulu totuwa, tothinana ngati mazira a nsomba, ndipo kampata kamene moto umadumphapo kanali katatsekeka. Anamasula yachiwiri. Chimodzimodzi. Yachitatu inali yoipa kuposa zinzake.

A Merle anasiya kuseka. "Lowell, awa sanaone burashi chaka chino."

"Ndawatsuka Loweruka lapitali."

"Loweruka lapitali tinali kumaliro a Darlene Pospisil, ine ndi iwe, tsiku lonse."

A Lowell anatola mapulagiwo n'kupita nawo pa tebulo lawo la zida kuseri kwa phiko. A Merle anakokera Renae pakhomo, navula chipewa, nachipindapinda m'manja.

"Mwanawe, pali zimene ndakhala ndikuona. Masiku ano akafika kumapeto kuja amangoima, injini ikulira. Ndimatchetcha mbali yonse iyi, kubwerera, iye ali pomwepo. Ine ndimati mwina akupemphera. Mwezi watha atatera anandifunsa kuti shedi yake ndi iti. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala."

"Ndiye osandiimbira foni bwanji, a Merle?"

"Ndikanati chiyani? Munthu ameneyu anandiphunzitsa kuuluka."

Renae anayang'ana kumapeto kwa msewu uja. Anawaona m'maganizo bambo ake ali okha m'kandegemo, dzuwa likuwomba pagalasi, akudikira kuti mutu uwauze chochita, mtovu ukuunjikana pansi pawo kambulu ndi kambulu. Kenaka ankanyamuka ndithu, n'kudutsa pamwamba pa sukulu, pa tchalitchi, pa nyumba yake yomwe, iye n'kumatuluka panja kukawabayibitsa. Matenda anali atawalanda kale mkazi wawo, amayi ake a Renae. Ndege iyi ndi imene inkawadzutsa m'mawa. Akawalanda, atsala ndi chiyani? Nanga akapanda kuwalanda?

Atabwerera mkati anawapeza atavala magalasi, akutokosa pulagi ndi kachitsulo kosongoka. Manja awo sankanjenjemera ngakhale pang'ono. Ankatembenuza, kutokosa, kugogoda, ndipo timibulu tinkagwera pa kansanza koyera. Mkwiyo uja unali utatheratu. Ankaimba kamluzu.

"Taona izi, Renae," anatero akupukusa mutu. "Amene akuyendetsa ndege iyi ndi chitsiru chenicheni. Akumaisiya ikulira pansi, mafuta ali tho, osachepetsa. Ukamuona umuuze kuti adzafa, ndipo adzapha ndi ena."

Renae anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Adadi, palibe wina amene amaiyendetsa. Ndinu nokha."

Kamluzu kanaduka. A Lowell anayang'ana mwana wawo, nayang'ana a Merle amene anali ataweramitsa mutu pakhomo, nabwezera maso pa kansanza kaja. Anakhudza timibulu ndi chala, kutisuntha uku ndi uku. Nkhope yawo inatuwa mofanana nato.

"Wonsewu?" anafunsa motsitsa mawu.

"Wonsewo, Adadi."

"Ndipo lero unali m'menemo iwe."

"Ndinalimo."

A Lowell anakhala pansi, pa chigubu cha oyilo. Panja mphepo inkawomba m'chimanga. Kenaka anadzuka, natenga sipanala, namasula okha mapulagi onse otsala, a pamwamba ndi a pansi omwe. Anawakulunga m'nsanza pamodzi ndi atatu oyamba aja, nawaika m'manja mwa Renae, natseka zala zake ndi zawo.

"Pita nawo kwako. Mawa mwina izi ndikhala nditaiwala, ndiwafunafuna. Usandipatse. Ndikakutukwana, usandipatse. Ndikalira, usandipatsebe." Anatembenukira kwa mnzawo. "Nawenso Merle, ukandibwereka ako ndidzakuswa mutu."

"Anga ndi odula, sindibwereketsa nkhalamba," anayankha a Merle.

M'mawa mwake Renae akuthira khofi, foni inalira. Anaona dzina, naima kaye, kenaka anayankha.

"Renae, kuno kwachitika zoopsa," anatero a Lowell akupuma mofulumira. "Wina walowa m'shedi. Waba mapulagi onse, sanasiye ngakhale imodzi. Zida zonse zilipo, wailesi ilipo, wangotenga mapulagi basi. Munthu wamtundu wanji amachita zimenezi?"

Renae anayang'ana pawindo la khitchini, pamene mtolo wa nsanza uja unagona pafupi ndi mphika wa maluwa, oyilo atadontha pang'ono pathabwa.

"Khalani pomwepo, Adadi," anatero, akufunafuna makiyi a galimoto. "Ndikubwera. Mwadya kale?"