Kufulatira Mpando

Miyezi itatu yathunthu ndinkaphunzitsa amayi khumi ndi awiri chinthu chimodzi chokha, kutembenuka, koma chinawakanika. Ine ndine Phoebe, mtsogoleri wa gulu lovina la ku Chitawira, ndipo magule athu onse ndimapeka ndekha. Chaka chino cha 1995 ndinapeka gule wosatamanda munthu aliyense. Pasiteji pamakhala mpando wopanda munthu, ovina amauzungulira ndi kuugwadira, kenaka ng'oma ikaduka onse amaufulatira n'kuima njo. Basi. Chovuta pamenepa n'chiyani?

Chovuta chinali Mayi Eliness a ku Machinjiri, aakulu pagulu lonse, omwe anzawo ankayamba ayang'ana mapazi awo asanasunthe. Mayiwa anavina pamisonkhano ya chipani kwa zaka makumi awiri, padzuwa, nkhope ili kunsanja ya akuluakulu. Ng'oma ikaduka, iwo ankabwerera chambuyo atawerama ngati akuchoka pamaso pa apongozi, anzawo onse n'kumatsatira.

"Mayi Eliness, tembenukani! Pampandopo palibe munthu!"

"Ndamva, Madamu, koma thupi likukana. Mpando wa bwana ife sitiuonetsa msana."

Ndinkapsa mtima mpaka mutu kuwawa. Ndinayesa kukalipa, ndinayesa kunyengerera, tsiku lina ndinaika ndowa pamalo pa mpando. Ndowayo anaifulatira bwinobwino, akuseka. Nditabwezeretsa mpando, matenda aja anayambiranso.

Holo yomwe tinkachitiramo pulakatisi inali m'manja mwa komiti ya m'deralo, ndipo wapampando wake, Bambo Herbert Likoswe, anati adzaonere gule wathu Loweruka masana. Akasangalala, holo ikhalabe yathu. Akapanda kusangalala, aipereka kwa anthu oonetsa mavidiyo a karate. Gulu lopanda holo ndi gulu lakufa, izi ndinkazidziwa.

Patsikulo ndinabwereka mpando wa khushoni yofiira kwa mlamu wanga ku Chinyonga. Ndinauika pasiteji, n'kupita kuseri kukamanga ovina zitenje. Nditasuzumira, ndinaona malodza. Bambo Likoswe anali atakhala pampando uja, atavala suti yositidwa, mwendo uli pamwamba pa unzake.

Ndinakokera pambali a Nikolasi, osamalira holo. "Mwachita chiyani, inu?"

"Nanga abwana akhale pabenchi, mpando wapamwamba chonchi ulipo? Mwawakonzeratu bwino, Madamu. Aukonda."

Ndani akanawadzutsa, holo itadzaza chonchija? Ine ndinalibe mtima umenewo. Ng'oma inayamba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinapempherera ovina anga kuti alakwitse. Ndinadzitonthoza kuti palibe choopa. Munthu amene analephera kufulatira thabwa angafulatire bwanji wapampando wamoyo?

Anavina mokoma, ndisaname. Anazungulira, anagwada, Bambo Likoswe akugwedeza mutu ndi kumwetulira ngati zonsezi anazilamula okha. Bambowo anafika poimika dzanja kupereka moni kwa anthu.

Ng'oma inaduka.

Mayi Eliness anadzuka pang'onopang'ono. Sanawerame. Anawayang'ana bambowo m'maso kanthawi, thukuta likutsika m'khosi, kenaka anatembenuka monga momwe ndinkafunira miyezi itatu yonse ija, phazi lamanja patsogolo, mapewa ali chilili. Anzawo khumi ndi mmodzi anatsatira nthawi imodzi. Mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu, holo yonse n'kuphulika. Bambo Likoswe anatsala okha ndi misana khumi ndi iwiri, dzanja lija likadali m'mwamba.

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kumenya munthu, koma sindinadziwe woyambira.

Lolemba tinapeza pachitseko pali loko watsopano, m'kati mukumveka kukuwa kwa karate. Tsopano timachitira pulakatisi ku Machinjiri, kuseri kwa nyumba ya Mayi Eliness, pakati pa khola la nkhuku ndi munda wa chinangwa. Ndimakwera maminibasi awiri kuti ndikafikeko, ndipo fumbi lake limandipatsa chifuwa. Mpando ndi wa iwo eni, wothyoka mwendo umodzi.

Ndipo ali ndi vuto latsopano mayiwa. Dzulo ng'oma isanaduke n'komwe, anali ataufulatira kale, anzawo n'kusokonezeka.

"Mayi Eliness! Dikirani ng'oma! Mwafulumira!"

Sanacheuke. Anandiyankha ali chifulatire.

"Ayi, Madamu. Ndachedwa zaka makumi awiri."