Galimoto Yokokera Kumanzere

A Nedson Kamanga atapuma ntchito ku fakitale ya feteleza ku Kafue, sanafune kukhala pakhonde n'kumangopenya odutsa. Anapeza kamunda ku Shimabala, pafupi ndi msewu wa ku Lusaka, n'kuyamba kulima repu, tomato ndi anyezi. Mwana wawo Tinenenji, amene ankagwira ntchito ku migodi ku Solwezi, ataona kuti atate ake akuvutika ndi madengu m'maminibasi, anawagulira vaneti yoyera. Powapatsa makiyi anawapempha chinthu chimodzi, kuti galimotoyo isamakonzedwe ndi amakanika a pansi pa mtengo, koma izipita ku garaja ya kampani imene anaigulako. Kampaniyo inali ndi nthambi yaing'ono potulukira m'tauni.

A Kamanga anasunga mawuwo. Nthawi ya sevisi ikakwana ankavala jekete, n'kukhala oyamba kufika pageti. Wolandira makasitomala kumeneko anali Bridget Munkombwe, mayi wa ana awiri wolankhula mosathamanga. Iye ankawadziwa kuti tiyi amamwa wopanda shuga, ndiponso kuti sakonda kukhala pafupi ndi wailesi ya kanema.

Vuto linayamba mvula itatha. Galimoto inayamba kukokera kumanzere. Akamayenda bwinobwino, ankangomva matayala atsika phula n'kugunda miyala ya m'mphepete, chiwongolero n'kuwagwedeza manja. Tsiku lina polowa kwawo ku Kafue Estates, galasi loonera kumbuyo la kumanzere linakhula chipilala cha geti n'kusweka.

"Ba Kamanga, mwabwela! Motoka ili shani?" Bridget anawafunsa atafika ku garaja.

"Mwanangu, galimoto iyi yayamba mwano. Ine ndikuti tiyende chonchi, iyo ikufuna kuthengo."

Bridget analemba dandaulolo n'kuitana Marvin, makanika wamkulu wa pamalopo. Marvin anaikweza pa makina, anawongola miyendo, anapima mpweya wa m'matayala, n'kuika galasi latsopano. A Kamanga anathokoza n'kupita.

Sipanathe milungu yambiri, anabweranso. Ulendo uno Marvin anasinthanitsa matayala, anayang'ana mabuleki, kenako anaiyendetsa yekha mpaka kumlatho wa mtsinje wa Kafue n'kubwerera. Anauza Bridget kuti galimotoyo ikuyenda mowongoka, moti ungathe kusiya chiwongolero osachigwira. Bridget anafotokozera a Kamanga mawu omwewo, koma mofewetsa. Iwo anangogwedeza mutu n'kutenga makiyi.

Kunyumba ndi kumene anadandaula. Akazi awo, a Felistus, anali kusita malaya a kutchalitchi pamene iwo ankalankhula.

"Ana aja akundiona ngati wokalamba wosadziwa kanthu. Ndayendetsa galimoto iwo asanabadwe."

"Ndiye mukawauze zimenezo, atate a Tinenenji. Mukandiuza ine, ndikonza ndi simbi iyi?"

"Mawa tipitire limodzi. Mukakhale mboni."

M'mawa mwake kunkazizira monga kumachitira mu Juni. Anafika ku garaja alonda akumaliza kusesa. A Kamanga sanakweze mawu, si munthu wotero, koma Bridget anaona kuti tiyi amene anawapatsa sanamukhudze.

"Ndabwera kachitatu ndi nkhani imodzi," anatero. "Ngati simungathe, ndiuzeni, ndiuze mwana wanga kuti tipite kwina."

Bridget anayang'ana galimotoyo kudzera pazenera. Mbali ya kumanja inali yosalala ngati yatsopano. Mbali ya kumanzere inali ndi mikwingwirima kuyambira pachitseko mpaka kumbuyo, ndipo galasi latsopano lija linali litakhulika kale pakona.

"Ba Kamanga, nipempako chintu chimozi," anatero. "Marvin anayendesa yeka, sanamve kantu. Lelo muyendese imwe, ine ninkale pambali. Nifuna nimvele neka vamene muvela."

Zimenezi zinawasangalatsa a Kamanga. Ananena kuti ndi zomwe zinkafunika kuyambira pachiyambi. A Felistus anati iwo atsala, mawondo sakufuna kupanikizika pampando umodzi ndi anthu awiri.

Anatuluka pageti n'kulowera cha ku Shimabala. Msewu unali ndi malole ambiri ochokera ku Lusaka, ndipo a Kamanga ankayendetsa modekha, manja onse pachiwongolero, monga munthu amene anaphunzira kale kwambiri. Ankafotokoza za tomato, za mbewu yatsopano imene sipirira kuzizira. Bridget ankayankha, koma maso ake anali pa iwo.

Anaona kuti akafuna kuyang'ana kumanzere ankatembenuza mutu wonse, mpaka phewa. Anaonanso kuti galimoto sinkakoka konse. Iwo eni ndi amene ankaisendeza pang'onopang'ono, kuthawa malole amene ankawaona bwino kumanja, osazindikira kuti phula latha kumanzere. Matayala atagunda miyala, a Kamanga anati, "Wamva? Ndi zimenezotu!"

"Namvela," Bridget anayankha motsitsa.

Patsogolo pang'ono panali bambo wina akukankha njinga yosenza matumba a makala m'mphepete mwa msewu. Bridget anamuona ali patali. Anadikira kuti a Kamanga apatuke, koma iwo ankapitiriza nkhani ya tomato. Atayandikira, Bridget anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi n'kuchikankhira kumanja pang'ono. Anamudutsa bamboyo thumba litatsala pang'ono kukhudza galasi.

"Iwe, ukuchita chiyani?"

"Pepani. Panali muntu na njinga."

A Kamanga anayang'ana pagalasi la m'kati. Munthuyo anali ataima, akuwayang'ana.

"Tiimeko paja pamene bagulisa anyezi," Bridget anapempha.

Anaima pambali pa timatebulo ta azimayi ogulitsa ndiwo. A Kamanga anazimitsa injini. Bridget sankadziwa poyambira. Ntchito yake inali youza anthu za mabuleki ndi oilo, ndipo munthu amene anali pambali pakeyu anali wa msinkhu wa atate ake.

"Ba Kamanga, munikululukile ngati nalakwa. Ine sindine dokota. Koma motoka iyi ilibe mulandu." Anapuma pang'ono. "Mungavaleko liso ya kumanja na kwanja, muyangane chikwangwani chija?"

Kutsidya kwa msewu kunali chikwangwani chachikulu cha sitolo yogulitsa mbewu. A Kamanga anamuyang'ana Bridget kwa kanthawi, ngati akuganiza zokana. Kenako anavula chipewa, anachiika pamwendo, n'kuphimba diso la kumanja ndi chikhatho.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Anachotsa dzanja, anayang'ana, n'kuphimbanso.

"Kuli utsi," anatero pomaliza. "Chikwangwani sindikuchiona. Ndikungoona poyera." Anatsitsa dzanja. "Ine ndimayesa ndi utsi wa anthu otentha minda. Chaka chino ndimati akutentha msanga."

"Bamai banga banali na vamene ivi," Bridget anatero. "Ku chipatala banati ni ng'ala. Banaichosa, manje batunga ulusi mu nyeleti beka."

A Kamanga ankayang'ana manja awo. Mayi wina wogulitsa anabwera pazenera ndi mbale ya anyezi, koma ataona nkhope zawo anabwerera.

"Munthu uja wa makala," anatero a Kamanga. "Ndikanamugunda?"

"Simunamugunde."

"Sindinafunse zimenezo."

"Ee. Sembe mwamugunda."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anatsegula chitseko, anazungulira kutsogolo kwa galimoto akugwira boneti, n'kudzaima mbali ya Bridget.

"Sendera uko, mwanangu. Utibweze ndiwe."

Atafika ku garaja, a Felistus anadabwa kuona amuna awo akutsika mbali ya wokwera. Bridget anawalowetsa onse awiri mu kaofesi kake, anatseka chitseko, n'kutuluka kuti akambirane okha. Kunja anauza Marvin kuti asaikwezenso galimotoyo pa makina. Marvin atafunsa chifukwa, anangoti nkhaniyo ndi ya eni ake.

M'katimo a Kamanga anafotokoza zonse, ndi za munthu wa makala zomwe. A Felistus anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye chifukwa chake mumathira tiyi pambali pa kapu," anatero. "Ine ndimangopukuta, ndimati ndi ukalamba."

"Nanga kumunda ndizipita bwanji? Tomato watsala pang'ono kupsa."

"Ndizikupititsani ine."

"Inu?"

"Mwaiwala kuti ndinkayendetsa galimoto ya masisitere ndili ku parishi? Ndani ankapita kukatenga ufa wa ana asukulu?"

"Zija ndi zakale, amake Tinenenji. Misewu inalibe malole onsewa."

"Inunso ndinu akale, koma tikukusungani."

A Kamanga anaseka koyamba tsiku limenelo, kuseka kwakufupi. Bridget atabwerera, anawapeza akukangana za kumene laisensi ya a Felistus inasungidwa. Anawauza kuti Marvin awaperekeza kunyumba ndi galimoto yawo, iye abwerera pa minibasi. Potuluka a Kamanga anaima pakhomo.

"Ndinakulankhula mowawa m'mawa muja."

"Iyai, ba Kamanga. Munali na chifukwa. Ise tinali kuyangana motoka chabe."

Madzulo anamuimbira Tinenenji. Iye anafuna kupempha tchuthi nthawi yomweyo, koma amayi ake anamuletsa, anati palibe amene wagona pamphasa. Laisensi ija inapezeka itatha kale mphamvu, ndipo panatenga milungu ingapo kuti ikonzedwe. M'masiku amenewo mnansi wawo wina ndi amene ankawatengera ndiwo kumsika, pamene a Felistus ankakumbutsa manja pabwalo la mpira la kuseri kwa tchalitchi. Ankazungulira zigoli, a Kamanga ali pambali akuwerengera magiya mokweza. Tsiku loyamba galimoto inazima kambirimbiri. Tsiku lina a Felistus anaimitsa pakati pa bwalo n'kunena kuti ngati mawu apitirira, mphunzitsi atsike akakhale pabenchi. Mphunzitsi anasankha kukhala chete.

Ku kiliniki anatsimikiza kuti inalidi ng'ala, n'kuwatumiza ku chipatala cha maso ku Lusaka. Tsiku la opaleshoni a Felistus ndi amene anayendetsa. Pa zitunda za ku Chilanga anatsatira lole ya simenti mtunda wautali osaipitirira, magalimoto akumbuyo akuliza mahutala. A Kamanga anatsegula pakamwa, anayang'ana akazi awo, n'kutsekanso.

Anabwerako ndi diso lomata. Bridget anaimba foni patapita masiku, monga amachitira ndi makasitomala onse, kufunsa ngati anakhutira ndi ntchito ya garaja. Anayankha ndi a Felistus. Anati galimoto ili bwino, mwini wake ndi amene ali pa sevisi, ndipo adokotala ati asagwire chiwongolero kufikira atamuonanso.

Atachotsa chomata chija, malo oyamba amene a Kamanga anapempha kupita anali kumunda. A Felistus anaimika vaneti pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kuyamba kutsitsa madengu. Amuna awo analowa m'mizere ya tomato atavala magalasi akuda amene anapatsidwa kuchipatala. Anayenda pang'ono, anawerama, n'kutembenuza tsamba limodzi. Anakweza magalasiwo pamphumi kuti aone bwino.

"Amake Tinenenji, tabwerani."

A Felistus anabwera ndi dengu m'manja.

"Taonani kunsi kwa tsambali. Tiakangaude tofiira. Tadzaza mzere wonsewu." Anatembenuza lina, ndi linanso. "Tayamba liti timeneti?"

"Ine ndidziwa bwanji? Ndine dalaivala."

A Kamanga anaimirira, anapukuta manja pathalauza, n'kuyang'ana munda wonse mpaka kumpanda wa kumanzere, kumene mizere ina inali itayamba kale kufiira masamba.

"Sitolo ya mbewu ija amatseka nthawi yanji?"

"Tithyole kaye zakupsazi, dzuwa lisanakwere. Mankhwala tigula pobwerera."

A Felistus anapatsa amuna awo dengu, iwo eni n'kutenga lina, ndipo anayamba kuthyola, wina mzere uwu, wina mzere uwo.