Imfa Ziwiri za Achimwene

Achimwene anga ndinawapha ine, Lachiwiri masana, m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi, amayi khumi ndi awiri akuonerera. Sindinagwire mpeni. Ndinagwiritsa ntchito pakamwa, chida chokhacho chimene ndili nacho chosachita kubwereka. Anthu amanditchula Wailesi, ndipo dzinalo ndinalikhetsera thukuta.

Sukulu ndinalekezera panjira, koma ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa azungu zaka zisanu ndi zinayi, ndiye chizungu cha kukhitchini ndimachitha: mchere watha, pepani, galu wathawa. Tsiku limenelo kunabwera mayi wina wochokera kumpingo wa kunja, wa magalasi okolekera ndi chingwe m'khosi. Tinamutcha Mayi Magalasi asanakhale n'komwe pansi. Mpingo wawo unkafuna kutsegula gulu losoka. Ife tizisoka kuno, iwo azikagulitsa kwawoko patebulo, pakhomo la tchalitchi, anthu akamatuluka m'mapemphero. Lamulo linali limodzi basi, lakuti gululo ndi la amayi amasiye okhaokha.

Ineyo mayeso amenewo ndinali nditakhoza kale, amuna anga anali kumanda chaka chachiwiri. Amayi abusa anali atangobwera kumene pampingo pathu. Chizungu amachimva bwinobwino koma chimawakakamira pakhosi, choncho anati womasulira ndikhale ine.

Ndinali nditabwera ndi alamu anga, akazi a achimwene. Alamu ndi munthu woti ukawafunsa ngati diresi ikukukhala amakuuzadi zoona. Achimwene ankayendetsa malole, ndipo panali patatha zaka zitatu chichokereni ndi mayi wina wogulitsa mowa, kusiya alamu ndi ana awiri aakazi m'kachipinda ka lendi kutsidya kwa tauni.

"Nanga amuna anu?" anafunsa Mayi Magalasi kudzera mwa ine, cholembera chili m'manja.

"Anatisiya," anatero alamu, maso ali pansi.

Mawu amenewa ali ndi zitseko ziwiri. Munthu amatisiya akakwera basi, amatisiyanso akalowa m'bokosi. Ine chitseko chimene achimwene anatulukira ndinkachidziwa bwino. Ndinayang'ana nsapato za alamu, zomanga ndi waya, ndikutsegula chinacho. Mayi Magalasi anafunsa kuti anamwalira bwanji. Ndinati ngozi ya lole. Mayiyo anavula magalasi ndikuwagwira dzanja alamu.

"Nanga mzungu uja amaliriranji?" anandifunsa alamu tikutuluka.

"Ndi chimfine, alamu. Fumbi lathu lino siliwayanja."

Anadziwa zimene ndinanena patatha sabata, atapatsidwa makina akale ongoyambira. Sanandilankhule masiku anayi. Koma pamakinapo anakhala, chifukwa ana onse awiri anali atabwezedwa kusukulu.

Ntchito yathu ndi kusoka angelo a nsalu, aatali ngati chikhatho. Mutu ndi kampira ka thonje, thupi ndi zidutswa za nsalu zotsala kwa matelala, mapiko ndi nsalu yoyera youmitsa ndi sitachi. Nkhope alibe. Akuti ogula amakonda kuganizira okha. Mngelo aliyense timamumangirira kadi m'khosi ndi ulusi wofiira, ndipo pakadipo pamakhala chithunzi cha wosoka ndi mbiri yake m'mizere inayi. Potijambula anatiuza kuti tisaseke kwambiri angaganize kuti takhuta, tisakwinyenso nkhope angaganize kuti sitiyamika. Ine ndinajambulidwa kasanu ndi kawiri. Alamu kamodzi kokha, nkhope yoyenera anabwera nayo kuchokera kunyumba.

Mapiko a alamu palibe amene amawatha. Enafe mapiko athu amagwera mbali ngati makutu a galu wodwala, awo amaima njo. Makina awo a panopa ndi achitatu kuchokera pawindo, ndipo ali ndi kachitsulo kolembedwa dzina la bambo wina wa kunjako. Amene anawagula ndi akazi a bamboyo, mayi wokalamba amene anaona kadi ya alamu patebulo paja ndikuyamba kulira, chifukwa amuna awo anafadi pangozi ya lole. Mwa mabodza onse amene akanatuluka pakamwa panga, ndinasankha limene linali ndi mwini wake.

Mayi ameneyo anaphika makeke chaka chathunthu kumagulitsa pakhomo la tchalitchi, anayendanso mtunda wautali ndi chiuno chake chovuta anthu akumulonjeza kangachepe pa kilomita iliyonse, mpaka makina anapezeka. Chaka chilichonse ankalembera alamu kalata, n'chifukwa chake tinamutcha Mayi Makalata. Makalatawo ndinkawerenga ndine, pagulu. Ankayamba ndi mawu akuti mng'ono wanga pa umasiye. Ankati amawapempherera m'mawa uliwonse powatchula dzina. Alamu ankamvetsera akuponda makina, osaimitsa phazi.

M'chaka chachisanu ndi chimodzi cha gulu lathu malemu anagogoda pachitseko cha alamu.

Ndinakawapeza atakhala pampando wa alamu, miyendo itatupa ngati mapilo, lamba ataboolanso mabowo atsopano ndi msomali. M'manja anali ndi mngelo, akuzunguliza kadi.

"Iwe Wailesi, akuti unandipha?"

"Munadzipha nokha, achimwene. Ine ndinangolengeza."

"Ndinafa ndi chiyani?"

"Ngozi ya lole."

"Wolakwa anali ndani?"

"Mnzanuyo. Inu munali kumbali yanu."

"Bola," anatero. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo kansalu kamene anatsokomolerako anakapinda msanga ndikukalowetsa m'thumba. Ndinaona mtundu wake.

Ndinawakokera alamu panja pa waya woyanikira zovala. Ndinati munthuyu ndi wa kwathu, mimba imodzi ndi ine, koma mumuthamangitse, apite kumene anasiya mphamvu zake. Alamu anangofinya thaulo ndikuliyanika.

"Ndi amuna anga," anatero.

"Amuna anu ali pakadi, alamu. Anatisiya."

Mwayi wake, anthu a pamdadadawo sankawadziwa achimwene, chifukwa alamu anasamukirako ali okha. Ndiye ndinakonzanso bodza lachiwiri lochirikiza loyamba lija. Odwalawo anasanduka mng'ono wa malemu. Wina akati koma akufanana ndi ana aja, ndinkati ndi magazi amenewo. Mlendo akalowa, achimwene ankaitana akazi awo kuti alamu. Ana atabwera kuholide tinawauza kuti pagulu aziti bambo aang'ono. Wamkuluyo sanavutike nazo. Anati ngakhale ung'onowo wawachulukira.

Alamu ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwapaka mafuta kumsana, kenako kuthamangira kumakina. Madzulo ankabwera ndi thumba la angelo osamaliza, ndipo achimwene ali chigonere ankakankha thonje m'manja mwa angelowo ndi pensulo. Anali ndi luso, mwina chifukwa chozolowera kupakira katundu. Miyezi iwiri yathunthu malemu anamangirira okha makadi a imfa yawo, mfundo ziwiriziwiri monga mwa lamulo.

Tsiku lina tikudula nsalu alamu anandinong'oneza kuti akukaulula kwa Amayi abusa. Ndinawakumbutsa nkhani imene Amayi abusa omwewo ankationjeza nayo mwezi ndi mwezi, ya gulu la kumpingo wina kumene kunapezeka kadi imodzi yabodza. A kunja aja sanakalipe, sanaitane apolisi. Anangotumiza galimoto kudzanyamula makina onse, ndi kalata yonena kuti akuwapempherera.

"Mukaulula simugwa nokha," ndinatero. "Onani mzerewu. Uyo ali ndi ana asanu, uyo akulera adzukulu. Inu mukatuluka muno ndi mtima woyera, iwowa adya mtima wanuwo?"

Alamu anapitiriza kudula. Mzere unawongoka.

Kenako kunabwera uthenga wakuti Mayi Magalasi akubwera Lachinayi lotsatira, ndi munthu wojambula kanema wokaonetsa kutchalitchi kwawo. Akubweranso ndi Mayi Makalata, amene pa zaka makumi asanu ndi atatu anaganiza zokwera ndege koyamba kuti adzaone mng'ono wawo. Sabata yomweyo achimwene anasiya kudya ndipo tinawatengera kuchipatala.

Patebulo lolembera odwala nesi anafunsa alamu kuti ndinu ndani wawo. Kumbuyo kwathu pamzere kunali mayi wina wa kwaya ya kutchalitchi kwathu, ali ndi botolo la mankhwala, makutu ali tcheru.

"Ndine mlamu wawo," anatero alamu.

Achimwene anali panjinga ya odwala, mutu utagwera paphewa. Ndinkayesa agona. Anatsegula diso limodzi.

"Mlamu wabwino," anatero. "Lembani choncho, anesi."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, anthu a tiyi akukankha ngolo yawo mu wodi. Alamu anawatseka maso ndikuwafunditsa nsalu. Ine ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinayiyang'ana kawiri. Alendo ankafika teni koloko. Womasulira anali ine, ndipo munthu amene Mayi Makalata anamukwerera ndege anali alamu. Tinasaina pepala, tinaperekeza thupi mpaka pakhomo la mochale, tinakwera minibasi. Alamu sanagwetse msozi njira yonse. Anangondiuza kuti kolala yanga yapindika.

Tinapeza chipinda atachikolopa, angelo atawandandalika pawindo, amayi onse atavala ma apuloni ochapa. Mayi Makalata anali kamunthu kakang'ono, koyenda ndi ndodo ziwiri. Atawaona alamu anasiya ndodo imodzi kugwa ndikuwakumbatira m'chiuno, poti m'pamene anafikira. Anasisita kachitsulo ka dzina kaja ndi chala. Kenako wojambula anakhazika awiriwo pafupi ndi makina achitatu, ine pambali, Amayi abusa kumbuyo atapinda manja.

Mayi Magalasi anati alamu afotokozenso za amuna awo, mwachidule, kuti anthu a kwawoko amve ndi mawu awo enieni. Ndinamasulira, ndikuwonjezera pansipansi kuti alamu, nenani monga mwa nthawi zonse.

Alamu anayang'ana kamera, kenako anayang'ana mayi wokalamba uja.

"Amuna anga amwalira lero m'mawa," anatero. "Ndawatseka maso ndi manja awa."

Amwalira, anamwalira. Kusiyana kwake ndi ka "na" kamodzi, kakang'ono ngati mfundo ya ulusi. Alendo sanamve kanthu, ankamwetulirabe. Koma m'chipindamo munali makutu ena makumi awiri ndi anayi. Phazi la wina linatsetsereka pachopondera makina, singano inagogoda kawiri ndikuima. Alamu anatembenukira kwa ine.

"Auzeni momwemo, alamu. Musakometse."

Ndinayang'ana mzere wa makina uja. Ndinayang'ana Amayi abusa, amene amamva zilankhulo zonse ziwiri. Anali akuyang'ana simenti ngati palembedwa vesi. Ndinatsegula wailesi yanga. Ndinawauza alendowo kuti mayiyu akuti kwa iye zili ngati amuna ake amwalira lero m'mawa, ngati wangowatseka maso kumene.

Mayi Makalata anagwedeza mutu misozi ikutsika m'makwinya. Anati n'zoona, mng'ono wanga, n'chimodzimodzi ndi ine, zaka makumi atatu koma tsiku lililonse ndi m'mawa womwe uja. Zimenezo ndinamasulira bwinobwino, mawu ndi mawu. Pamenepo m'pamene alamu analira. Analira mokuwa, atagwira chitsulo cha makina, kulira kumene kunayenera kukachitikira pakhomo la mochale. Wojambula anasendera pafupi. Pambuyo pake ndinamumva akuuza Mayi Magalasi kuti sanajambulepo chinthu chokoma chotero.

Alendo atakwera galimoto, Amayi abusa anatseka chitseko ndikuima pakati pathu. Anakhosomola.

"Amayi, tamva kuti Wailesi wataya mlongo wake, mng'ono wa malemu amuna a mnzathuyu. Mawa sitisoka. Tonse tikaperekeze mnzathu Wailesi."

Palibe amene anafunsa funso. Mayi wa ana asanu uja ndiye anayamba kunena kuti ameni.

Anabweradi onse. Anandizungulira ine, anandipepesa ine, anandigwira ine mapewa bokosi likutsika. Abusa polalikira anati malemu sanasiye mkazi kapena mwana. Alamu anaima kumbuyo ndi ana awo awiri, pamodzi ndi anthu ongoperekeza, ndipo mwambo utatha anathandiza kusonkhanitsa mipando.

Pobwerera ndinawapeza pamalo okwerera basi. Ndinayesa kuseka pang'ono, poti ndi zimene ndimadziwa. Ndinati alamu, taonani ubwino wake, kadi yanu ija sifunikanso kusindikiza ina.

Alamu anatembenukira kwa ine.

"Poyamba munandilanda mwamuna wamoyo, ndinati mwina n'chifukwa cha ana," anatero. "Dzulo mwandilanda wakufa."

Kanema uja akuti anaonetsedwa m'matchalitchi asanu ndi limodzi, ndipo oda ya angelo inakula mpaka anatiwonjezera makina anayi ndi amasiye anayi atsopano. Onsewo Amayi abusa anawafunsa okha, ndikuona mapepala a kuchipatala. Alamu akadali pamakina achitatu, ine pa achinayi, zigongono zathu zimagundana tikamakoka nsalu. Mapiko awo akuimabe njo. Akafuna sizasi imene ili patsogolo panga amaitana mayi wa pamakina achisanu ndi chimodzi kuti adzawapatsire.

Kalata ya chaka chino yafika dzana. Alamu anayilandira, anayitembenuza uku ndi uku, ndikuyilowetsa m'kadirowa ka makina osayitsegula.