Chombo cha Filipe

"Kodi ndagunda chiyani?" anafunsa bambo Severino.

Akazi awo, mayi Melina, anali atathamangira kale kukhitchini kukatereka nyemba, poti magetsi anali atangobwera kumene, ndipo ku Mufakose chaka chimenecho cha 2008 magetsi akabwera masana munthu sankataya nthawi ndi mafunso. Mwana wawo Eneles anali chiimire pakhomo la chipinda chochezera, simbi ili m'manja. Iye anaona zonse. Pagalasi la laputopu panali moto wofiira ukubalalika pakati pa nyenyezi, kenako panabwera mawu achingerezi onena kuti woyendetsa chombo wotchedwa FILIPE wafa, ndipo mbiri yake yafufutidwa.

Bambo Severino anatembenuza manja awo, kuwayang'ana mkati ndi kunja ngati achita kubwereka.

Filipe anali mchimwene wake wa Eneles. Fakitale imene bambo awo ankayendetsako gonyeti, chilole chachitali chija, itataya makompyuta akale, Filipe anatolako imodzi, n'kugula m'tauni sidi ya magemu khumi a m'mlengalenga, akalekale, onse m'kabokosi kamodzi kong'ambika. Asanu ndi anayi anatopa nawo msanga. Imodzi yokha ndiyo inamugwira mtima. Mmenemo munthu ankapatsidwa kachombo kachabechabe, n'kumanyamula katundu kuchoka pa siteshoni ya nyenyezi ina kupita pa ina, kugula chitsulo kuno, kukagulitsa uko. Inali gemu yopanda chisoni: moyo unali umodzi basi, ukafa inkafufuta zonse. Filipe anayendetsa chombo chimodzi zaka zinayi osafa. Kenako anawoloka Limpopo kukasaka ntchito ku Joni. Ankaimba foni mwezi ndi mwezi mpaka mu Meyi, pamene alendo anayamba kuthamangitsidwa m'makomboni a kumeneko. Kuyambira pamenepo nambala yake sinapezekenso.

Ndi nthawi imeneyo pamene bambo Severino anayamba kukhala pa kompyutayo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, magetsi akalola. Ankati galimoto yongoimikidwa imafa, choncho akungomutenthetsera injini mwiniwake mpaka adzabwere. Sankamenya nkhondo, sankagulitsa kanthu. Ankangochotsa chombo pa siteshoni ina n'kukachiimika pa ina yapafupi, pang'onopang'ono, ngati akulowetsa gonyeti chambuyo pageti yopapatiza. Mayi Melina ankawanena kuti amuna anzawo ali pamzere wa buledi, iwo ali kumwamba kopanda ndi mchere womwe. Koma akamayendetsa, mayiwo ankachepetsa wailesi.

Nzeru yosamutsa chombocho inali ya Eneles. Anali ndi digiri ya zamakompyuta, ndipo digiriyo inali itamupezera ganyu yolemba mayina a odwala kolera pa bungwe lina m'tauni. Bungwelo linali ndi jenereta, ndipo linkamulola kutenga laputopu Lachisanu, batire ili yodzaza. Anawauza bambo ake kuti kompyuta yakale ija yasanduka chokongoletsa tebulo, chifukwa milungu itatu inkatha kudutsa osayaka. Philemon, wokonza makompyuta wa ku Glen Norah, anali wokonzeka kuisintha ndi matumba awiri a ufa ndi botolo la mafuta ophikira. Pa laputopu, anatero Eneles, adzayendetsa Lamulungu lililonse, kaya magetsi alipo kaya palibe. Bambo anafunsa katatu ngati palibe chimene chitayike. Kachitatuko Eneles anawayankha kuti zinthu zimenezi anaziphunzira zaka zinayi.

Magemu akale oterewa alibe wotchi yawoyawo. Amathamanga monga mmene makina akuthamangira, ndipo ukawaika m'makina atsopano amapenga. Eneles ankadziwa zimenezi. Anaika pulogalamu yonamiza gemuyo kuti ikadali m'kompyuta yakale, ndipo m'pulogalamumo munali mzere umodzi wolembapo liwiro. Anayesa gemu asanalembe kanthu, anaona chombo chikuyenda bwinobwino, n'kuusiya mzerewo mmene unalili, kuti makina azithamanga mmene angathere. Chimene sanaganize n'chakuti ankayesera pa batire. Laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsa mphamvu kuti isunge moto. Ku Mufakose inali isanalawepo magetsi a pakhoma.

Lamulungu limenelo batire inali itatsala pang'ono, chifukwa Eneles analembera makalata ofunsira ntchito Loweruka lonse. Ndiye analowetsa chingwe pakhoma, n'kunena kuti mwina magetsi akhoza kubwera. Anabweradi, cha m'ma fili koloko, bambo ake akuyandikira siteshoni. Ana a mumsewu anakuwa m'Chishona kuti adzoka, adzoka, kutanthauza kuti abwerera, ndipo siteshoni imene inkabwera ngati nkhono inalumphira pagalasi.

Eneles anamvetsa chimene chachitika moto uja usanathe kubalalika. Anatsegula pakamwa, kenako anapita kukasita.

Madzulo bambo anadya pang'ono. Sanadzudzule munthu. Anangofunsa ngati chikhoza kubwezeka, Eneles n'kuyankha kuti ayang'ana, ndi mawu amene ankayankhira mabwana ku ofesi. Kope la chombocho analibe. Sikuti m'fulashi yake yosungira mafayilo munalibe malo: zaka zinayi za Filipe zinali kafayilo kochepa kuposa chithunzi cha pachiphaso. Anangoti adzakopera mawa.

Lachiwiri kunabwera Bonface, wa nyumba yachitatu kuchoka pawo, amene anali ndi lole yokatenga ufa ndi mafuta ku Tete kudzera pa Nyamapanda. Dalaivala wake anali atathawira ku Botswana, ndipo bambo Severino anali atavomera kale kuyamba Loweruka. Inali ntchito yoyamba kuwapeza chitsekereni fakitale. Eneles anali kuseri kwa chitseko akusankha mpunga, ndipo anamva zonse.

"Funa wina, Bonface. Manja anatha."

"Manja ati, mudhara? Inu amene munayendetsa zaka makumi atatu osaponda ndi nkhuku yomwe?"

"Ndinaiona siteshoni ikubwera. Maso anaona, dzanja silinamve. Lero ndi chidole, mawa ndi mwana wa munthu pa Mutoko."

Bonface anafunsa kuti siteshoni yake iti, ndipo atauzidwa anaseka mpaka kutsokomola. Anati sanamvepo munthu akudzilanda laisensi chifukwa cha ngozi ya kumwezi. Ataona kuti akuseka yekha, anaimirira n'kunena kuti adikira mpaka Loweruka m'mawa, akapanda kumva kanthu atenga mlamu wake, ngakhale mlamuyo amayendetsa ngati wathawitsa mkazi wa mwini.

Eneles anapeza kuti wataya mpunga wabwino n'kusunga timiyala.

Lachitatu anapempha kuweruka msanga, nayenda wapansi mpaka ku Glen Norah chifukwa makombi anali ochepa. Anamupeza Philemon pakhonde, akukonza foni ndi kawaya kotenthetsa pamakala. Anamulonjera mwaulemu wonyogodola, kumutcha injiniya. Kompyuta ija, anatero, anaipukuta tsiku lomwelo, kawiri, monga mmene iye Eneles anamulangizira kuti zinthu za banja zisapite kwa anthu. Tsopano inali kwa abusa ena, ikulemba ndondomeko za maliro, ndipo ntchito sinkaisowa. Anafunsa ngati panali chinthu chofunika. Eneles anati ayi, kagemu chabe.

Lachinayi nthawi ya nkhomaliro anayesa njira ina. Anayamba gemu yatsopano, nalemba dzina lakuti FILIPE, n'kutsegula fayilo kuti asinthe manambala mpaka kachombo katsopanoko kafanane ndi kakale. Akanatha kuwauza bambo kuti wachibweza. Bodzalo linali losavuta, ndipo likanamusiya iye ali katswiri. Anafika pa mndandanda wa katundu wa m'chombo n'kuima. Sankadziwa chimene Filipe anasiyamo. Bambo ake ankauwerenga mndandanda umenewo Lamulungu lililonse asananyamuke, chala chili pagalasi, milomo ikuyenda, ndipo iye sanasuzumirepo ngakhale kamodzi. Komanso anaona kuti chombo chikabwerera, manja aja akhalabe olakwa. Anafufuta zimene anapangazo, nabwerera ku mayina a odwala.

Lachisanu anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Bambo anali pakhonde akuthira madzi a m'chidebe pa timasamba tawo ta rape, ndipo shati imene anaikonzera ulendo wa ku Tete inali itabwezedwa m'sutikesi yosungiramo zovala. Eneles anali atakonza mawu ake m'kombi, m'Chishona, mmene zinthu zinkamveka zopepuka. Koma ndi bambo ake ankalankhula Chichewa, chilankhulo cha kwawo kwa bambowo, ndipo m'Chichewa chake chosakwanira mawuwo anatuluka opanda zokometsera.

"Bambo, si manja anu. Ndine."

Anawapempha kuti alowe m'nyumba. Anatsegula laputopu patebulo, nayamba gemu ndi kachombo katsopano, n'kulemba chilembo chimodzi chokha pamalo a dzina. Anawaonetsa mmene chinkayendera pa batire, modekha. Kenako analamula makinawo kuti agwiritse mphamvu zonse ngati ali pa magetsi, ndipo nyenyezi zinasanduka mizere. Kachomboko kanaphulika iye asanakhudze batani. Anafotokoza za chingwe cha pakhoma, za batire imene anaitha yekha Loweruka, za kope limene sanapange, za Philemon. Ananenanso kuti anadziwa Lamulungu lomwelo, ali chiimire ndi simbi, ndipo Lachiwiri anamva zonse kuseri kwa chitseko.

Mayi Melina anali atabwera kudzaima pakhomo, manja ali ndi thovu la sopo. Anati zaka zinayi za sukulu, kenako anadziletsa.

Bambo Severino anafunsa ngati vutolo limakonzeka. Eneles anatsegula pulogalamu ija, napeza mzere uja, nalemba nambala imodzi. Sipanathe ndi mphindi yomwe.

"Basi?" anafunsa bambo.

"Basi."

Anakhala akuyang'ana nambalayo kwa nthawi yaitali, ndipo Eneles analakalaka atamukalipira, ngakhale pamaso pa anthu a mumsewu. Sanatero. Anakokera mpando pafupi, navala magalasi, n'kumuuza kuti ayambitsenso, makina ali pa mphamvu zonse zomwezo. Gemu itafunsa dzina, iwo anayang'ana kumbali, ndipo Eneles analembanso chilembo chimodzi chija.

Anachotsa kachomboko pa siteshoni. Kanali kopepuka, kosazolowereka, ndipo poyamba kanapendekera kumanzere. Anakawongola ndi chala chimodzi. Siteshoni yachiwiri inayamba kukula pagalasi, ikuzungulira pang'onopang'ono, khomo lake lili kamng'alu kowala. Bambo anachepetsa liwiro, nadikira kuti kamng'aluko kagone bwino, n'kulowa pakati penipeni osakhudza mbali. Madzi a sopo ankadontha kuchoka m'manja mwa mayi Melina.

Gemu inafunsa ngati akufuna kusunga ulendowo. Bambo anasankha ayi, natseka laputopu, n'kuikankhira kwa Eneles.

Mayi Melina anapukuta manja pachitenje, nafunsa mosamala ngati apite kukamuuza Bonface kuti asiye za mlamu wake uja. Bambo Severino anavula magalasi, nawapinda, n'kuwaika m'thumba la shati.

"Kamuuzeni," anatero. "Ndipo chipinda chakumbuyo chija, chimene ankagona Filipe, mawa muchitsegule musesemo. Mwezi ukatha tiikamo roja wolipira lendi."