Telala amene anadikira kachipangizo

Che Usumani, telala wa pa Ulongwe, anali atatopa ndi jakisoni wa matenda a shuga. Zaka zisanu ndi chimodzi akudzibaya insulini m'mawa ndi madzulo, ndipo kuchipatala anali atawachenjeza kuti akatayirira, shugayo awawononga maso. Munthu wogwira singano tsiku lonse, koma ikaloza pamimba pake, mantha ngati mwana!

Tsiku lina mlamu wawo Latifu, amene za pa foni amangomeza osatafuna, anafika ndi kanema.

"Alamu, mavuto atha! Kunja apanga kachipangizo ka magetsi. Amaikamo maselo amoyo opanga insulini, n'kukalowetsa pansi pa khungu. Jakisoni basi!"

"Ndiye ine nditani?"

"Mbewu yatsopano imafuna munda wososa. Siyani mankhwalawo, thupi liyere, kakamafika kuno mukhale okonzeka."

Che Usumani anamva zimene mtima wawo unkafuna, ndipo anasiyadi. Mkazi wawo, Abiti Jamali, atadandaula, anauzidwa kuti za sayansi sazidziwa.

Patatha miyezi iwiri, ludzu linali losatha, misoko inayamba kukhota, makasitomala n'kumabweza zovala. M'mawa wina Che Usumani anakomoka ali pamakina, mkazi wawo n'kuthamangira nawo kuchipatala.

Che Usumani atatsitsimuka, namwino wina, Mayi Emmie, anamvetsera nkhani yonse modekha.

"Kanemayo sananame, bambo," anatero. "Akatswiri akufufuzadi kachipangizo kothandiza maselo otere kukhala amoyo m'thupi. Koma akadali kuyesa, sikanafike m'zipatala. Komanso thupi si munda iyayi. Mukasiya insulini simuyera, mumangomupatsa shuga mpata."

"Nanga masowa, anesi? Ndikuona ngati utsi."

Mayi Emmie anawayang'ana m'maso onse awiri. "Lakumanjali tiliteteza mukayambiranso mankhwala lero. Lakumanzereli mukaonane ndi dokotala wa maso, koma sindikulonjezani kanthu."

Diso lakumanzere silinabwerere. Zimamvetsa chisoni kuwaona Che Usumani masiku ano akusoka atapendeketsa mutu, telala amene kale ankadula nsalu osalemba ndi choko. Ulusi ukaduka amaimitsa makina, n'kuitana chapansipansi:

"Abiti Jamali, tabwerani mundilowetsere."

Phunziro: Za mankhwala atsopano n'zabwino kuzimva, koma musasiye amene muli nawo musanafunse kuchipatala. Matenda sadikira kafukufuku.