Chala Changa pa Diso la Bambo a Pili

Amuna anga aMuhidini ndi munthu wamakani, ndipo ndikatero sindikuwanyoza ayi. Diso lakumanzere linafa kalekale akukhoma ngalawa, kachibanthu katawalasa. Ndiye mu 1973, mkati mwa Ramadhani, lotsalalo linachita chifunga. M'mawa wina anafuna kutola sompho, n'kugwira mchenga.

Isaka, namwino wa ku Metangula yemwe tinakulira limodzi kuno ku Meluluca, anatuma mawu kuti kwafika dotolo wa maso wachipwitikizi ndi makina ake, ndipo ndege idzamutenga mawa lake dzuwa likapendeka. Tinalawirira pa bwato, ine ndikuwauza kolowera.

Dotolo anasuzumira m'diso ndi katochi, n'kulankhula zake. Isaka anamasulira.

"Achimwene, mtsempha wotulutsa magazi m'diso watsekeka. Kwa ena zimaphwa zokha. Kwa ena, ikatha miyezi itatu diso limauma gwa, limapweteka mpaka kulichotsa. Poyang'ana chabe sangadziwe, magazi aphimba mkati. Makinawa amaphanimitsa kuwala, n'kulemba papepala kamagetsi komwe diso limayankha nako. Likayankha mofooka, akulemberani giya, chiphaso chaulendo, mupite kulikulu ku Lourenço Marques akaliwotche ndi kuwala lisanaume. Nkhondo ili mkatiyi, popanda pepala la makinawa giya palibe."

Zonse bwinobwino, mpaka Isaka anatulutsa kabotolo ka mankhwala odontheza.

"Ndafunga, ndili pa swaumu, kusala kwa Ramadhani," anatero amuna anga, n'kuphimba diso ndi chikhatho.

"Si zakumwa izi, achimwene."

"Ndikuwadziwa amenewo. Munandidontheza chaka chija, anatsikira kukhosi, kuwawa kwake ngati ndulu ya chambo. Swaumu yanga isasweke."

"Komatu odwala amaloledwa kumasula."

"Wodwala ndani? Ndabwera ndikupalasa ndekha."

Kalanga ine! Diso limodzi lomweli, munthu akuchita nalo makani! Dotolo anayang'ana wotchi, n'kuyamba kukulunga mawaya ake. Mtima wanga unachita phaa, kenako ndinapsa mtima zenizeni.

"Bambo a Pili," ndinatero, "zaka makumi awiri ndakhala ndikupaka wanja, utoto wakuda uja, m'maso mwezi wonse wa Ramadhani. Mumaganiza kuti ndimameza?"

Amuna sadziwa zimenezi. Pakona pa diso, pafupi ndi mphuno, pali kabowo kotsikira kukhosi. Mkazi aliyense wa kwathu amaphunzitsidwa ndi mayi ake kudinikiza pamenepo popaka wanja masana a swaumu, kuti chakudacho chisatsike.

"Ndidinikiza ine," ndinatero. "Mukamva kuwawa kukhosi, dzukani tizipita, mukakhale wakhungu ndikudyetseni ndi manja."

"Iwe Mwamini, pamaso pa anthu?"

Zoona, mkazi kugwira nkhope ya mwamuna wake masana a Ramadhani, alendo akuona, ndi zamanyazi. Manyazi ndinali nawo, koma chala ndinaika. Isaka anafotokozera dotolo, yemwe anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu kuti eya, n'kumasulanso mawaya aja.

Anadontheza. Anatseka mawindo ndi mabulangete, tinakhala mumdima wandiweyani mphindi makumi awiri kuti diso lizolowere. Thukuta kamukamu, mkono wanga unachita dzanzi, koma sindinasunthe.

"Kukhosi kuli kanthu?" ndinanong'ona.

"Usandilankhulitse."

"Ndafunsa."

"Palibe," anayankha monyinyirika.

Kenako anawaveka kagalasi kokhala ndi waya padiso penipeni, waya wina pachipumi. Kuwala kunang'anima, ng'ani! ng'ani! Makina analira kwekwekwe, akulavula pepala.

Atatsegula mawindo, dotolo anaika pepalalo pambali pa la munthu wa diso labwino. Ngakhale ine wosapita kusukulu ndinaona. Pa linalo mzere unatsika n'kukwera ngati phiri. Pa lathu unatsika, n'kungodzuka pang'ono ngati mthumbira wa mbatata.

"Ndi mtundu woipa uja," anatero Isaka chapansipansi. "Koma taugwira nthawi ikadalipo."

Ndinachita mantha ndipo ndinasangalala, zonse nthawi imodzi. Chidindo chinagwa pa giya, dii! Ndege yomwe ija inawatenga, opanda ngakhale chovala chosinthira.

Ndinadikira miyezi inayi. Kalata inabwera imodzi yokha, yolembedwa ndi munthu wina, yofunsa ngati matabwa awo ndawavundikira. Za diso, ngakhale liwu limodzi!

Tsiku lomwe anatsika pamsika lole yochokera ku Vila Cabral, komwe ndege inawasiya pobwerera, ndinaima patali, kuyang'ana ngati wina awagwira dzanja. Anatsika okha. Diso linalipo, loyera, losatupa. Pakati pake chifunga sichinathe, choncho anapendeketsa mutu kuti aone ndi m'mbali, n'kubwera molunjika pomwe ndinaima, kudutsa azimayi ena onse.

Anandiyandikira, n'kundiyang'anitsitsa pachipumi nthawi yaitali.

"Mayi a Pili," anatero, "imvi izi zatuluka liti?"

Ndinawatukwana ndikulira, msika wonse ukumva.